Mbuzi ya a Banda

Linali Loweruka lina mu Julaye 2007, cha m'ma 9 koloko m'mawa, shuga, amene ankasowa masiku amenewo, atafika pa sitolo ya kwathu ku Torwood. Mzere unali wautali, ndipo mlonda analengeza kuti amene anamenya nkhondo ya ufulu alowe koyamba. Ine mfuti sindinaigwirepo, koma ndinapita kutsogolo.

"Munaphunzira kuti usilikali, mudhara?" anafunsa mlondayo, akunditchula mdala m'chinenero cha kuno.

Ndinabwereka nkhani ya a Banda, oyandikana nawo nyumba, amene anapitadi kunkhondo. Ndinati kumaphunziro tinkaguba ndi mfuti zamitengo, ndipo tsiku lina nditatembenukira kumanzere ena onse akupita kumanja, mphunzitsi anandilamula kuchitira mbuzi sawatcha mpaka madzulo. Anthu anaseka, mlonda n'kundilowetsa.

Potuluka ndi shuga wanga, ndinamva mawu kumapeto kwa mzere: "A Komuredi! Mbuziyo inali yaimuna kapena yaikazi?"

Anali a Banda.

"Yaimuna," ndinayankha chapansipansi.

"Zodabwitsa. Ine ndinkaikama."

Iwo shuga sanamupeze tsikulo. M'mawa mwake ndinawapititsira theka la wanga. Asanalandire, anandiuza kuti ndiyambe ndachitira sawatcha galu wawo. Ndinamuchitira, akazi anga akuonerera pampanda.