Bowa wa pansi pa bulugamu

Ndinali m'munda, khasu m'manja, msana kumwamba, pamene munthu wa njinga anaima panjira n'kufunsa ngati ndine mayi uja anatengeredwa mnyamata ndi anthu a mfuti chaka chimene sukulu inapsa. Anali wogulitsa mchere, wochokera ku Cuamba, wodzera ku Mandimba, matope mpaka m'mawondo. Ndinati ndine. Anati mnyamatayo ali moyo, amasenza matumba kunjanji, ali ndi mkazi, ali ndi mwana wa kumsana, ndipo Loweruka likubwerali akufika.

Khasu ndinaliponya sindikudziwa kuti. Ndinalulutira, ndinagwa, ndinadzuka, ndinalulutiranso. Mwana amene ndinamulirira maliro opanda mtembo, mwana amene bambo ake anafa akumutchula ku kampu ya ku Malawi, mwana ameneyo akudya, akuyenda, wabereka! Ndinavina m'mizere ya chimanga changa, chimanga choyamba chibwerere kwathu, ndipo ndinapondereza chambiri. Wamchere uja anaseka, anati amayi, mukachimaliza chonse mwanayo adzadya chiyani.

Chimwemwe chimenecho ndimachiimba mpaka lero. Koma sabata yomweyo ndinachita chinthu chimene ndikachikumbuka nyimbo imandithera pakhosi, ndipo ndichinena chonse, osasiyako.

Tinabwerera ku Ngauma pa kamiyau, magalimoto aja akuluakulu, aliyense ndi pepala lapulasitiki la denga, mbewu ndi khasu. Mudzi tinaupeza utasanduka tchire. Pabwalo panali patamera mitengo yotalika kuposa munthu. Anyani anali ataiwala kuti munthu amaopedwa, ankakhala pakhoma la tchalitchi chogumuka n'kumatiyang'ana ngati alendo ndife. Nguluwe zinkafukula mbewu dzuwa likuswa mtengo. Nkhungu ya kwathu yokha ndiyo sinasinthe, ija imatsika m'phiri m'mawa n'kukunyowetsa kapulana, chitenje chako, mvula isanaganize n'komwe zogwa. Ndipo tinauzidwa mawu amodzi: ponda pamene mnzako waponda kale. M'tchire munali mabomba okwirira. Mbuzi ya achimwene anga inapita choncho, tinangomva phokoso.

Panali anthu ochepa amene sanathawe nafe, amene anabisala m'mapiri zaka zonse za nkhondo. Mmodzi wa iwo anali mnzanga wa paubwana. Tinakulira limodzi, tinabatizidwa tsiku limodzi, tinkatchulana achemwali ngakhale sitinali a mimba imodzi. Tinamupeza atavala nyanda, nsalu ija ya khungwa la mtengo, mchere atauiwala kukoma kwake, mawu atamuchepera. Ife obwerera tinkadziona ngati anthu oona dziko. Tinali titadya mafuta a m'chitini, tinali ndi ndowa zapulasitiki, tinkadziwa kuima pamzere. Anthu aja tinkawatcha a kutchire, ndipo ine ndinkatcha nawo. Ndinamupatsa kapulana imodzi yakutha, n'kudikira kuti pakhale anthu oona ndikupereka. Pamene tinkathawa anali ndi mwana wamkazi, namwali wamkulu ndithu. Titabwerera sindinamuone, ndipo sindinafunse. Mumtima ndinati anakwatiwa kwina.

Tsono kwathu kuli mwambo wa bowa. Ukazula bowa supita naye kumoto, umayamba wadzera pakhomo pa wamkulu wodziwa. Umakhuthula dengu pansi, iye amatembenuza mmodzimmodzi, amanunkhiza, amafunsa kuti unazula pansi pa mtengo wanji. Ngakhale uli ndi imvi, umaonetsa. Amayi anga ankaonetsa kwa azakhali awo mpaka mano atawathera m'kamwa. Koma akuluakulu odziwa tinawasiya m'manda a ku Malawi. Wodziwa bowa amene anatsala, wodziwanso njira zopanda mabomba zokafika kumisuku ya m'phiri, anali mnzanga yemweyo. Akazi anzanga ankapita naye, iye patsogolo, iwo akuponda m'mapazi mwake. Ine sindinapiteko ngakhale kamodzi. Ndinkati ine kutsogoleredwa ndi wa nyanda, ayi.

Wamchere anali atandiuza kuti mkazi wa mwana wanga ndi wa m'tauni, bambo ake ndi a kunjanji, amalankhula Chipwitikizi ndi Chimakhuwa, amavala nsapato. Ndinayang'ana nyumba yanga, matope pansi pulasitiki pamwamba, ndipo ndinagwidwa manyazi. Ndiwo ndiye zinandisowetsa mtendere. Nkhuku ndinali nayo imodzi yokha, nayonso ikufungatira. Nyemba zinali zisanache. Ndinati basi bowa, ndelema, woyera uja wonona, wothira nsinjiro, amene mwana wanga ankanyambita mbale ali wamng'ono.

Koma ukaonetsa munthu bowa umamupatsa gawo lake, umamupatsanso malo pamphasa. Ndinamuona mnzanga m'maganizo atakhala pafupi ndi mpongozi wanga wa nsapato, mapazi ong'aluka, akudya msangamsanga ataphimba mbale ndi dzanja, monga ankadyera onse amene anabisala m'mapiri. Ndinati zimenezo ayi. Ndinayenda mudzi wonse khomo ndi khomo, ndikuimba, ndikuitana anthu, ndipo khomo lake ndinalidutsa. Anali panja akusenda chinangwa. Anati wamva nkhani yabwino, anati Mulungu ndi wamkulu. Ndinati eya, n'kupitirira.

Loweruka m'mawa, nkhungu idakali pansi, ndinatenga dengu n'kupita kumsewu, kukantina yakale, sitolo ija ya Mpwitikizi imene inatsala makoma okha. Kuseri kwake kuli mzere wa mitengo ya bulugamu imene mwini sitoloyo anadzala. Kumeneko anthu amadutsa tsiku ndi tsiku, kulibe bomba, sufunika wokutsogolera. Ndipo bowa anali mbwee pansi pa mitengoyo, zipewa zotambasuka, palibe amene anazulapo. Ndinati Mulungu wandisungira ine. Sindinadzifunse kuti mudzi wanjala ngati wathu ungasiye bwanji ndiwo m'mbali mwa msewu. Pakati pa zipewazo panali pobiriwira pang'ono. Ndinati ndi nkhungu, ndinati ndi maso angawa. Ku kampu sitinkazula bowa, nkhalango zinali za eni ake, ndipo maso anga anali ataiwala.

Ndinafika, ndinasenda, zosendazo ndinakataya kudzala m'mbali mwa njira ya kumtsinje. Mphika ndinauika pamoto m'kachisakasa kanga kophikira. Madzi atangoyamba kuwira, ndinamva nthungululu kumsewu.

Anabwera wapansi kuchokera pamene kamiyau inawatsitsa. Patsogolo panali mwamuna wamtali, wandevu, wa chipsera pachipumi, munthu amene ndikanamudutsa pamsika wa ku Mandimba osamudziwa. Anagwada. Anati, “Amayi, ndine.” Ndinamugwira mutu, ndinapapasa kuseri kwa khutu pamene anapsa ndi phala ali wokwawa, ndipo kachipsera kake kanali pomwepo. Pambuyo pake panali mpongozi wanga, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope, ndipo anagwada m'matope momwemo n'kundipatsa mwana. Mwana wamkazi, mphuno ya malemu amuna anga. Ndinavina naye, ndinamukweza kumwamba, ndinamuonetsa phiri, ndinamuonetsa mudzi. Mphika ndinauiwala. Mchere ndinali ndisanathire, nsinjiro ndinali ndisanathire, n'chifukwa chake ndinali ndisanalawe.

Anthu atakhala pansi, alendo ali pamphasa, ndinaona mnzanga akubwera chothamanga kuchokera kunjira ya kumtsinje. Mtsuko anautaya m'njira. Sanaodire, sanapereke moni, anadutsa pakati pa anthu, analowa m'chisakasa, ananyamula mphika wowira uja ndi manja okha, anatuluka nawo, n'kuuphwanyira pansi kuseri kwa nyumba. Ndiwo zanga zonse zinali m'dothi.

Apa ndiye pali manyazi anga enieni. Ndinaimirira, mdzukulu wanga ali m'manja, pamaso pa mudzi wonse, ndipo ndinati:

“Musadabwe, apongozi. Uyu ndi wamisala wa kutchire. Njala inamuwononga mutu, nsanje yamumaliza. Sindinamuitane n'komwe.”

Ndinatembenukira kwa mwana wanga, ndinati amuuze mkazi wake mawu amenewa m'Chipwitikizi kuti amve bwino. Mwana wanga anayang'ana pansi, sanamasulire.

Mnzanga sanandiyankhe za misalazo. Anaima manja ali lende, zikhatho zitayamba kale kutupa, n'kufunsa:

“Achemwali, munazula kuti?”

Ndinati kukantina.

“Pansi pa bulugamu?”

Ndinati eya, nanga kuli vuto lanji.

“Walawa ndani?”

Ndinati palibe. Pamenepo anakhala pansi padothi. Akazi amene ankapita naye kuphiri anali atagwira pakamwa. Mlamu wanga anandifunsa motsitsa mawu ngati ndinaonetsa bowayo.

Mnzanga anafotokoza pang'onopang'ono, akuyang'ana manja ake. Anati waona zosenda kudzala pobwera kumtsinje, wazizindikira. Anati bowa ameneyo amafanana ndi ndelema ngati mapasa, koma samera kumisuku, amamera pansi pa mitengo yachilendo ngati bulugamu basi. Anati tsiku loyamba munthu amasanza, tsiku lachiwiri amadzuka n'kumati wachira, kenako maso amachita chikasu, ndipo palibe muzu umene umabweza. Anati chaka china cha njala, akubisala, mwana wake wamkazi uja anatsikira kumsewu m'mamawa, anazula pomwepo, anaphika, anadya. Sanaonetse, chifukwa mayi ake anali atapita kuphiri lina kukafuna uchi.

“Ndinamuika ndekha, ndi khasu lopanda mpini. Chaka chatha chibwerere inu, achemwali. Simunandifunsepo.”

Ndinayang'ana mwana wanga amene nkhondo inandibwezera m'mawa womwewo. Ndinayang'ana mpongozi wanga, mayi woyamwitsa. Ndikanawadyetsa ndi dzanja langa, ndikuimba, ndikuwakakamiza kuti awonjezere. Ndinayang'ananso munthu amene ndinangomutcha wamisala. Pansi pakanang'ambika ndikanalowa ndi mutu.

Mpongozi wanga Chinyanja ankachimva pang'ono, koma manja otupa anawaona. Anadzuka, anamasula mpango wake watsopano, anauviika m'ndowa ya madzi, anagwada n'kumukulunga mnzanga zikhatho. Anafunsa mwamuna wake m'Chimakhuwa kuti mayiwa ndi ndani. Mwana wanga anamuyankha, kenako anabwereza m'chilankhulo chathu kuti tonse timve. Anati awa ndi amayi anga ena, ankandibereka kumsana amayi akapita kumunda, ankandibisira masuku m'nsalu. Mwana wotengedwa ali mnyamata, woona zimene anaona, anakumbuka. Ine wa ndowa zapulasitiki ndinali nditaiwala.

Ndinapereka mdzukulu kwa mlamu wanga, ndinayenda ndi mawondo kuchokera pamene ndinali mpaka pamene iye anakhala. Mawu opepesa anandikana, anali aang'ono kwambiri. Chimene chinatuluka n'chakuti, “Achemwali, mawa mukandionetse pamene anagona.”

 Mnzanga anati mawa n'mawa, lero ndikathyole nkhwani chifukwa ana abwera ndi njala kuchokera kutali. Ndikudzuka anawonjeza kuti nkhwaniwo ndikathyola ndidzere nawo kwa iye kaye, poti zikuoneka kuti anthu oona dziko saona bwino. Anthu anaseka, kuseka kuja kotuluka pambuyo pa mantha, ena akupukuta misozi. Ine ndinathyola nkhwani, ndipo ndinabwera nawo ndithu, ndinakhuthula pamapazi pake, iye n'kuvomera ndi mutu. Achimwene anga anakumba dzenje lakuya, anakwirira bowa uja pamodzi ndi mapale a mphika.

Kumanda tinapita m'mawa mwake, iye patsogolo, ine ndikuponda m'mapazi mwake, ndipo kumeneko ndinalira maliro amene ndinachedwa nawo. Manja ake anachira koma khungu linatsala loyererako, ndipo mpaka tsiku limene anamwalira, akandipatsa moni ndinkaliona.

Koma Loweruka lija tinasangalala, tinasangalala ndi nkhwani wotendera ndi maungu aang'ono osakhwima. Anabwera achimwene anga ndi mlamu wanga. Anabwera akatekisiti ndi ng'oma yawo ya chitini. Anabwera azamba a kutsidya kwa mtsinje, amene anandichiza pobereka mnyamatayo, atatsamira ndodo, kudzaona ngati ndi yemweyo. Anabwera amayi awiri Achiyao a mudzi wa kumsewu ndi mpunga wa m'mbale yophimba. Anabwera osula makasu ndi akazi awo olongolola. Anabwera amasiye atatu amene tinali nawo msasa umodzi ku kampu, amene ana awo sanabwerere, ndipo anavina kuposa tonse. Anabwera ogontha a pachulu, amene anafunsa katatu kuti wakwatira ndani. Anabwera ngakhale aja tinakangana nawo malire a munda. Anabweranso achemwali anga aja, amene sindinawaitane. Anakhala pamphasa ya alendo, manja ali mumpango, mpongozi wanga akuwatemera nkhwani n'kuwaika m'kamwa, ine ndili padothi pambali pawo, ndikuyambitsa nyimbo ndi mawu otsika.