Mayi Perpetua ndi Funso Lawo la Pakhomo la Tchalitchi

Mayi Perpetua Seo Mal-sun atisiya, ndipo ena muno m'parishi akuti tilembe za kolona yawo yokha, zinazo tisiye. Ine ndakana.

Anabadwira kumapiri a ku Jecheon, m'banja la akhristu olima tsabola. Anatha msinkhu ali ndi zaka khumi zokha, ndipo kumwezi ankapita mwa apo ndi apo. Atadandaula, mayi awo anangoti, "Tseka pakamwa, zimenezo sanena."

Atakwatiwa n'kuima, apongozi awo anawakonda mpaka kuwapweteka. Paja kwathu kuno amati woyembekezera akamanidwa chimene akulakalaka, mwana amabadwa diso lina laling'ono. Ndiye mikate ya mpunga yothira uchi siinkachoka pambale. Ludzu losatha limene ankamva palibe analilabadira. Mwana anakula mopitirira m'mimba, anavuta potuluka, ndipo sanalire. Dokotala ndiye anatchula shuga wa pakati, nafunsa za msambo wawo, nati mayi wotere amafunika kuyezedwa msanga. Mwana wina sanabwerenso.

Koma iwo sanamutaye Mulungu. Ankachapa nsalu za paguwa, kuyendera odwala, ndipo Misa ikatha ankaima pakhomo kudikira aliyense wa pakati. "Mwana wanga, unayamba kusamba uli ndi zaka zingati? Umadumpha miyezi? Shuga wayezetsa?"

Anthu anawatcha wamisala. Bambo Pyo, wapampando wa parishi, anawadzudzula pagulu: "Mayi, pakhomo la Mulungu mukamba za magazi?"

"Amene anatilenga nawo sachita manyazi," anayankha. "Nanga inu ndinu ndani?"

Nanenso ananditola pakhomo pomwepo, ndili ndi pakati poyamba. Ndinanong'ona kuti ndimadumphadumpha miyezi. M'mawa mwake anatulukira kwathu, n'kupeza apongozi anga akundiikira mikate ya uchi ija. Analanda mbale!

"Mukufuna mdzukulu wanga abadwe maso osiyana?" anakalipa apongozi.

"Achemwali, wanga anali ndi maso ofanana bwinobwino. Sanawatsegule," anayankha Mayi Perpetua.

Anandikokera kusikelo tsiku lomwelo, ndipo shuga anapezekadi wokwera. Apongozi anawanyanyala Mayi Perpetua zaka zambiri, pomwe mwana wanga Yun-a anabadwa akulira mpaka anamwino kuseka.

Ukalamba unawagoneka, koma pakamwa ayi. Sabata yatha, atalandira mafuta oyera kwa Bambo Mfumu, Yun-a analowa, mimba ili patsogolo. Mayi anatsegula diso.

"Iwe, wayezetsa?"

"Ndayezetsa, agogo."

"Basi, ndipatseni kolona yanga." Anapemphera chapansipansi mpaka milomo inaleka kugwedezeka, nkhope ili phee. Ndinalira ngati ndataya mayi wondibala.

Mzimu wawo uuse mumtendere. Koma Lamulungu likubwerali pakhomo paja pakhala ine, ndi funso lomwe lija. Amanyazi mutulukire khomo lakumbali.