Tsiku Limene Ndinadalitsa Thabwa

Ndinali nditangotha miyezi inayi ku parishi ya ku Clondalkin, kutsidya kwa nyanja, pamene bambo mfumu, mzungu wokalamba amene anagwirapo ntchito ku Dedza, anandiitanira kukhitchini.

"Abambo, Loweruka mupite ku mpikisano wa sikeetibodi. Wansembe amene amatumikira osewerawo wagonekedwa m'chipatala."

"Ndikachiteko chiyani?"

"Mukangokhalapo basi," anatero, n'kupitiriza kupaka batala pa buledi.

Ine ndinkadziwa Misa, maliro ndi kuyendera odwala. Zoti pali anthu akuluakulu amene ntchito yawo ndi kukwera kathabwa kamateyala anayi, mpaka kukhala ndi wansembe wawo, ndinkazimva koyamba.

Mpikisanowo unachitikira m'chinyumba chonga mosungira katundu, kufupi ndi Finglas. M'katimo munali masitepe, zitsulo ndi makoma opindika. Anandipatsa mpando wapulasitiki pafupi ndi nesi womanga mabala. Wosewera wina akachita bwino, opikisana naye ankamenyetsa matabwa awo pansi. Ndinkaganiza kuti akwiya, koma nesi uja anati kumeneko ndiko kuomba m'manja kwawo. Wina anagwa chagada, anthu n'kumuchemerera kuposa amene sanagwe. Ndinasiya kufunsa kuti akutsogola ndani.

Mpaka masana amene anandifuna anali bambo mmodzi yekha, wofunsa njira ya kuchimbudzi.

Kenako kunabwera mayi wachitsikana, chigongono chili ndi bandeji, thabwa lili kukhwapa. Nesi anandinong'oneza kuti ameneyu ndi katswiri, amazungulira maiko ndi masewerawa.

"Bambo, mumadalitsa matabwa?" anandifunsa.

Kumudzi ndinadalitsapo njinga, mbewu, ngakhale chigayo, choncho ndinavomera.

"Linali la mchimwene wanga," anatero. "Ndiye anandiphunzitsa kusewera. Anamwalira chaka chatha, ndipo sindinalikwerepo mpaka lero."

"Ndipemphere kuti mupambane?"

"Ayi, zimenezo ayi."

"Nanga kuti musavulale?"

Anaseka. "Kuvulala ndivulala ndithu. Ingopempherani."

Ndinaika dzanja pathabwapo. Panali pokhakhala, m'mbali mwake mokumbika. Chingerezi chonse chinandithawa. Ndinapemphera m'Chichewa kuti mzimu wa malemuyo uuse mumtendere, kenako ndinasowa chowonjezera, ndinangolemba chizindikiro cha mtanda. Iye anati amen ngati wamva zonse.

Nthawi yake itakwana, anathamanga nalo, n'kulumpha masitepe onse. Potera pansi tinangomva kuti thyo! Thabwa linathyoka pakati, iye n'kugubuduzika pasimenti.

Nesi anandiyang'ana, ine ndinabisa dzanja lija m'thumba la jekete.

Mayiyo anadzuka, anatola zidutswa ziwirizo n'kulunjika kwa ine. Misozi inali mbwembwembwe, koma akuseka.

"Pepani kwambiri," ndinayamba.

"Mukupepesa chiyani, Bambo? Mchimwene wanga ankathyola thabwa mwezi uliwonse. Akanandiseka atamva kuti ndalisunga pansi pa bedi chaka chathunthu."

"Ndiye munkafuna lithyoke?"

"Kaya," anatero, akupukuta mphuno ndi bandeji ija.

Anandipatsa chidutswa chimodzi, chakumbuyo, mateyala ali pomwepo. Ndisanafunse kuti ndichite nacho chiyani, anali atabwereka kale thabwa kwa mnzake wopikisana naye, n'kubwerera kukaima pamzere. Sanapambane tsikulo. Sindinamuonenso, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinam'thandiza kapena ndinangopezekapo pamene zinkachitika.

Pobwerera ndinakwera basi, chidutswacho chili pamiyendo, kolala ya unsembe ili m'khosi. Kunja kunkawaza mvula. Mayi wina wachikulire amene anakhala moyang'anana nane anayang'ana thabwalo, anayang'ana kolala, kenako maondo anga.

"Simunavulale, Bambo?" anafunsa.

Ndinayesa kuganiza poyambira kufotokoza, koma sindinapapeze.

"Ayi, mayi, ndili bwinobwino."

"Koma muzivala chipewa choteteza mutu," anatero, n'kudina belu kuti atsike.