Nkhope ya Tarcila

A Salvacion Dumalagan anafika ku Manila ali mtsikana, kuchokera kwawo ku Iloilo, mtima uli pa kusewera m'mafilimu. Mawu anali nawo. Kwawo akamachita zisudzo za kutchalitchi pa nyengo ya Pasaka, amayi ankapukuta misozi ndi nsonga za mipango. Koma kunyumba zojambulira mafilimu sanawapatse ndi mpata womwe wotsegula pakamwa. Bambo wina amene ankasankha atsikana anangowayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwanawe, wada kwambiri," anatero. "Kamera imakonda oyera, a mphuno zazitali. Kaya ukufuna kusewera wantchito wa m'nyumba?"

Anaseweradi wantchito kangapo, kulowa ndi thireyi ya khofi n'kutuluka osanena kanthu. Kenako mayi wina wokonza nkhope za osewera anawatenga kuti azimunyamulira bokosi la zodzoladzola, ndipo ntchito yawo inakhala yomweyo mpaka imvi. Anthu a mafilimu ankangowaitana kuti a Salve. Osewera ankawakonda chifukwa dzanja lawo linali lofewa, moti ena ankasinza pampando akuwapaka. Anakwatiwa ndi a Dominador, woyendetsa jipu yonyamula anthu, amene anamwalira ndi matenda a impso mwana wawo mmodzi yekhayo, Luningning, ali ku sekondale.

Luningning anatengera mayi ake khungu ndi mawu omwe. Zimenezi zinkawaopsa a Salve.

"Ukaphunzire unamwino, Ningning. Wodwala safunsa kuti mphuno yako njotani."

"Amayi, ine kungoona magazi ndimakomoka. Mukufuna odwala azinyamula ine?"

Choncho anakula akugulitsa mafoni m'sitolo ina, Loweruka ndi Lamlungu n'kumachita zisudzo m'timaholo tating'ono momwe oonerera ambiri anali abale a osewerawo.

Luningning ali ndi zaka za m'ma makumi awiri, kunabwera kampani ina ya ku America kudzajambula filimu yochokera m'buku lomwe a Salve analiwerenga ali mwana. Linali la mzamba wina dzina lake Tarcila, amene pa nkhondo ya Ajapani ankabisa ana pansi pa maukonde m'bwato n'kuwawolotsera kuchilumba china. Bukulo linkanena momveka kuti anali wamfupi, wakuda ndi dzuwa, wa zikhatho zokhakhala. Luningning anapita kukayesedwa. Wotsogolera filimuyo, mzungu wa ndevu zotuwa, atamuonera anavula magalasi n'kunena kuti Tarcila wapezeka. Anamuuza kuti amete tsitsi, aphunzire kupalasa bwato ndiponso azolowere kalankhulidwe ka ku Iloilo. A Salve nawo anawalemba kuti akhale mkulu wa okonza nkhope.

Tsiku limenelo anagula nkhuku zootcha n'kuphika pansiti, chakudya chawo chonga supageti, mphika wonse. Oyandikana nawo anadzaza kakhonde.

"Ningning, ukakafika ku America usadzatiyankhe m'Chingelezi, wamva?" anatero mmodzi wa iwo. "Takuona ukuyenda wopanda kabudula ife."

"Inu ndidzakulembani ntchito yondinyamulira ambulera," iye anayankha, anthu n'kufa nacho chiseko.

Luningning anapita ku Iloilo kwa mng'ono wa mayi ake, ndipo anabwerako manja ali matuza okhaokha, atada kuposa kale, akulankhula ngati agogo ake. A Salve akamumva kukhitchini ankaima kaye, chifukwa zinkakhala ngati mayi awo auka.

Lamlungu lina atangochokera ku Misa, anapeza Boyet akuwadikira pakhomo ndi kathumba ka mabanzi. Boyet anali wothandizira wotsogolera filimu uja, ndipo a Salve ankamudziwa kuyambira akunyamula mawaya. Anakana kukhala pansi.

"Eni ndalama akana," anatero akuyang'ana mabanzi aja. "Akuti nkhope ya Ningning siingagulitse matikiti kunja. Akubweretsa wawo."

"Wawo wake uti?" anafunsa a Salve.

"Mzungu. Dzina lake Corinne."

"Tarcila mzungu?"

"Nkhani aisintha pang'ono. Akuti bambo ake anali mphunzitsi wa ku America. Tsitsi ndi khungu mukonza ndinu, a Salve."

Luningning anali ataima pakhomo la kuchipinda. "Nanga ine, achimwene?"

"Pali mayi wochapa kumtsinje. Amalankhulako kamodzi."

Luningning anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano, n'kutseka chitseko. Masana ake anatuluka maso atatupa.

"Amayi, musapite."

"Ndikakana ine aitana wina, mwanangu. Nkhopeyo ipakidwa basi. Komanso atsikana anga ondithandiza aja ndawalonjeza ntchito. Ntchito ino ukanyanyala kamodzi foni yako siiliranso."

"Ndiye mukamupaka kuti afanane nane."

A Salve anayamba kutsuka maburashi omwe anali otsuka kale.

Corinne anali mwana wabwinobwino, wa timadontho m'masaya, waulemu. Tsiku loyamba anapatsa a Salve moni m'Chitagalogi chothyokathyoka, chinenero cha ku Manila, n'kuwaonetsa chithunzi cha galu wake. A Salve anamudetsa tsitsi, kenako anafunsa kuti khungu lifike pati. Boyet anapita kukafunsa, n'kubwera ndi zithunzi zomwe anajambula pa nthawi yoyesa zovala. Anazimata pakalilole osawayang'ana a Salve kumaso. Zinali za Luningning, ali m'diresi la Tarcila, nkhafi ili paphewa.

A Salve anasakaniza utoto pachikhatho, kuyang'ana tsaya la mwana wawo pachithunzi, kuwonjezera wofiirira pang'ono, kuyang'ananso. Anapaka pamphumi, m'khosi, kuseri kwa makutu, mikono mpaka zala.

"Ndani ameneyo? Ndi wokongola," anafunsa Corinne.

"Mwana wanga."

"Nayenso ali m'filimu muno?"

"Anali. Mpando mwakhalawo unali wake."

Mtsikanayo anafiira mpaka kuonekera pansi pa utoto. Anati sankadziwa, anangouzidwa kuti Tarcila ndi wa magazi osakanizika. Anapepesa kangapo, misozi n'kuwononga tsaya limodzi, ndipo a Salve analikonzanso. Anati alankhula ndi omuyimira pa ntchito. M'mawa mwake anabwera ndi bokosi la chokoleti, n'kukhala pampando paja monga mwa masiku onse.

Luningning anakana kusewera wochapa. Anadzijambula pafoni akufotokoza zomwe zinachitika, mosakuwa, mosatukwana, n'kuziika pa intaneti. Nkhani inafala ngati moto wa m'chilimwe. Osewera a ku Korea, ku Vietnam ndi ena okhala ku America komweko analemba kuti nawonso zinawaonekera. Ena ankamunyoza kuti ndi nsanje chabe, filimu ndi malonda, ndipo ayamike kuti azungu abweretsa ntchito. Ophunzira a ku yunivesite anayamba kusonkhana pageti la malo ojambulira ndi zikwangwani zolembedwa kuti "Tarcila ndi wathu" ndi "Khungu lathu si chovala".

M'mawa wina basi ya antchito inaima pagetipo, anthu atatseka njira. A Salve anali pawindo, bokosi lili pamiyendo. Mnyamata wina wa chikwangwani anawazindikira.

"Agogo, utoto watsalako? Mutipake woyera, nafe tikasewere mfumukazi ya ku Mangalande."

Anthu anaseka. Kumbuyo kwa mnyamatayo kunali Luningning, tsitsi lake lalifupi lija litayamba kumera. Iye sanaseke. Anamukoka mnyamatayo malaya kuti asiye, kenako anawayang'ana mayi ake. A Salve anafuna kutsika. Anafika pogwira chitsulo cha mpando wakutsogolo, koma alonda anatsegula geti, basi n'kulowa.

A Salve anagwira ntchitoyo mpaka kumapeto. Kampani inatulutsa mawu oti yamva madandaulo ndipo yaphunzirapo kanthu, n'kuwonjezera anthu a komweko angapo olankhula m'filimumo. Tarcila anakhalabe Corinne. Filimu inatuluka, ena anainyanyala, ena anakaonera, ndipo pasanapite nthawi anthu anali akukangana za zina.

Amene sanaiwalidwe anali Luningning. Opanga mafilimu a ku Manila komweko, amene ankamuyamikira pa intaneti, ankati akamva dzina lake amvekere, "Uja wovuta uja?" Anasamuka kunyumba n'kukakhala ndi mnzake. Ankabwera pa tsiku lokumbukira akufa, n'kupita ndi mayi ake kumanda a bambo ake, kuyatsa makandulo, kudya limodzi, koma nkhani zawo zinali za mvula ndi mitengo ya mpunga.

Chaka chotsatira anabwera masana ena ndi uthenga. Anali atapeza ntchito yoyimba m'sitima yapamadzi yonyamula alendo okaona maiko.

"Ukayimba chiyani?"

"Zomwe azungu okalamba amakonda. Atipatsa ndi mawigi omwe."

Anakhala patebulo, a Salve akusenda mango. Luningning ankazunguliza kapu.

"Ndinakwiya nanu kuposa azungu aja, Amayi."

"Ndikudziwa."

"Iwo sandidziwa. Inu munandibereka."

"N'zoona."

"Bwanji simunatsike basi ija?"

A Salve anaika mpeni pansi. Anaganiza zotchula atsikana aja, ukalamba, foni yosalira. Zonsezo anali atanena kale.

"Ndinazolowera, mwanangu," anatero. "Anandiuza ndili wamng'ono kuti malo anga ndi kuseri kwa mpando, ndipo ine ndinakhulupirira. Iwe sunakhulupirire. Ndinkaopa kuti zikupweteka, ndiye ndinakupwetekanso ndine."

Luningning sananene kuti wawakhululukira. Anatenga chidutswa cha mango n'kudya, kenako china. Pochoka anagwira dzanja la mayi ake n'kuligunditsa pamphumi pake, monga ankachitira ali mwana pochokera kusukulu, ndipo anachedwa kulisiya.

A Salve anagwirabe ntchito zaka zingapo, m'masewero a pa TV, mpaka manja anayamba kunjenjemera moti mzere wa m'zikope unkakhota. Bokosi lija anapatsa mmodzi wa atsikana awo, iwo n'kubwerera ku Iloilo. Filimu ya Tarcila sanaionerepo. Tsiku lina inkaonetsedwa m'basi yomwe anakwera, ndipo anatsika asanafike komwe ankapita.

Pano amakhala ndi mng'ono wawo, ndipo amamuthandiza kugulitsa nsomba zouma pamsika. Luningning amaimba foni sitima ikaima padoko, nthawi zina ali ku Greece, nthawi zina kumalo omwe a Salve satha kuwatchula. Amafunsa ngati akumwa mankhwala, iwo n'kufunsa ngati akudya. Anati abwera pa Khirisimasi yapitayi, ndipo a Salve anapenta chipinda n'kugula matiresi atsopano. Mu Disembala anaimba foni kuti kuntchito amuwonjezera miyezi ina.