Jombo zanga ndi msilikali wa ku Moldova

Ndikamva fungo la polishi ndimaona a Vasile atakhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa hositelo ya ku Santry, akupukuta jombo, ndege zikudutsa pamwamba pa mutu wawo. Tinali titangofika kumene mu Dublin, ine ndi amayi, kudikira mapepala. Chisanu chinkaluma makutu. Ana tinalipo ambiri, amitundumitundu, opanda chochita.

A Vasile anali a ku Moldova. Adagwirako usilikali kwawo ali mnyamata, poti kumeneko ukakula amangokutenga. Ankati dziko lawo ndi laling'ono, lotsekeredwa pakati pa maiko ena ngati lathu, ndipo malole a asilikali ake ndi akalekale, osiyidwa ndi a Rasha, olira pokhapokha mutakankha. Tsiku lina adatipeza tikumenyana, natifoletsa pamzere. Adapatsa aliyense ndodo ya mopu. Kuguba kudayamba pomwepo.

Ha, kuguba kwake! Mwendo wowongoka, kuuponya m'mwamba, kuumenyetsa pansi kuti phwa, chibwano kumwamba. Tikaweruka kusukulu tinkathamangira poimika magalimoto osadya n'komwe. A Vasile adalengeza kuti pa tsiku limene Aairishi amavala zobiriwira tidzachita perete wathuwathu, ndipo woguba bwino ndiye adzatsogole. Malo amenewo ndinkawafuna kuposa chakudya. M'kalasi ndinali wotsalira, chizungu chikundikana. Apa pokha m'pamene ndinkaposa anzanga.

Zondigwetsa zinali jombo. Tidazilandira kutchalitchi, zazikulu zoti n'kulowamo mapazi awiri. Ndikaponya mwendo, jombo inkauluka. Ina idakagwera m'bini, ana n'kugubuduka ndi phwete. A Vasile sadaseke. Adavula yawo. Munalibe sokosi. Phazi linali lokulungidwa ndi nsalu, mwaluso, popanda khwinya. Adati asilikali akwawo ankavala chomwecho: nsalu imadzaza jombo, ikanyowa umaitembenuza kouma, ukaikulunga molakwa matuza amakuphunzitsa. Adandituma kukapempha nsalu yolimba kwa amayi.

Amayi adakana. Mlongo wawo, amalume anga, adamenyedwapo pamsika ndi anyamata a yunifolomu nthawi ya chipani chimodzi, khutu limodzi n'kufa. Kuguba kulikonse kunkawanyansa.

"Sindinasiye kwathu kuti ndidzalere msilikali kuno. Iwe, mopu ndi wokolopera."

Ndidalira mobisa. M'mawa mwake a Vasile adawapeza kochapira zovala, ine ndili kumbuyo. Amayi adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kujombo, nafunsa m'chizungu chawo chothyokathyoka.

"Bambo, munapha anthu angati?"

"Makoswe awiri, mayi, m'khitchini. Winayo adachita kufa yekha ndi supu wathu."

Adawonjeza kuti usilikali wawo wonse udathera kusenda mbatatesi ndi kukankha malole. Amayi sadaseke. Adatulutsa chitenje m'basiketi, chamaluwa ofiira, chimene adabwera nacho kuchokera ku Dedza. Adachiluma m'mphepete, nachikoka. Kweee! Zidutswa ziwiri. A Vasile adawaonetsa kakulungidwe kake kamodzi kokha, kuyambira ku chala chachikulu, kuzungulira chidendene, kukathera pamwamba pa kakolo. Amayi adawachotsa dzanja.

"Basi, ndaona. Ndakulungapo makanda ine."

Tsiku la perete lidafika ndi mvula yowaza. Ndidaima kutsogolo, mopu paphewa. A Vasile adakuwa m'chinenero chawo, tonse tidanyamuka. Phwa! Phwa! Madzi ankathovukira m'mbali. Jombo zidagwira ngati ndidabadwa nazo. Anthu adadzaza mawindo, ena akumenya mapoto. Titakhota pa mabini ndidamva nthungululu, yaitali, yakwathu. Anali amayi. Mlonda wachiairishi adatuluka m'kanyumba kake akuthamanga ndi bokosi la mabandeji, kufunsa amene wavulala.

A Vasile adasamutsidwa chilimwe chisanafike, sindidawaonenso. Ndidamva kuti asilikali akwawo masiku ano amavala masokosi. Ine usilikali sindidaulowe, ndimanyamula katundu m'nyumba yosungiramo zinthu ku Tallaght. Ndili mwana ndinkayesa kuti amayi adagonja tsiku lija. Ndakula, ndaona kuti ayi. Kuguba adadana nako mpaka imfa yawo. Adangoona kuti mwana wawo wapeza chinthu chimodzi chimene amatha m'dziko la eni, nang'amba chitenje.