Chithunzi cha Mzinda wa Pamadzi Chimene Ndinachisiya Pakhoma

Inu owerenga, ulemu wa kwathu unandichotsetsa ntchito kuno ku America. Koma mutu sindiweramitsa, chifukwa sindinabe kanthu ka munthu.

Ndinkasamalira bambo wina wokalamba, Mtaliyana, m'tauni ya Falls Church. Ndinkangowatcha agogo. M'chipinda mwawo munali chithunzi chakalekale chojambula ndi penti ya mafuta, cha mzinda wa kwawo umene misewu yake ndi madzi okhaokha. Nyumba zinaima m'madzi ngati ku Nsanje mtsinje ukasefukira, mabwato akuda akudutsa pansi pa mlatho. Ndinkawaseka kuti kwathu zikafika pamenepo timathawira kumtunda, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola.

Tsiku lina ndikuwameta ndevu, anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndichotse chithunzicho ndipite nacho, ndi changa. Ndinathokoza, koma ndinachisiya pomwepo. Munthu woleredwa bwino satulutsa katundu m'chipinda cha wodwala mwiniwake akupuma. Kumeneko n'kumuika m'manda ali moyo. Mnzanga wa ku Lusaka, amene tinkasinthana powasamalira, anandichenjeza kuti, "Iwe, tenga chabe manje, pompano. Kuno si kumunzi." Sindinamumvere.

Agogo atamwalira ndinadikira kuti maliro athe. Tsiku limene ana awo anasonkhana kugawana katundu ndinapita, monga timachitira kwathu, n'kufotokoza pamaso pa onse zimene malemu ananena. Ine ndinkayesa kuti mawu a womwalira amalemekezedwa kulikonse. Mwana wawo wamkazi, amene ankaonekera pa Khirisimasi pokha, anandiyang'ana ngati waona mphemvu mumphika. Anaimbira foni kampani imene inandilemba ntchito, n'kunena kuti ndinkanyengerera nkhalamba yosokonezeka mutu kuti ndiilande chuma.

Abwana anandiitana. Anati ntchito ipitirira pokhapokha nditapepesa n'kuvomera kuti chithunzicho ndinachita kupempha. Mantha anandigwira, ndisaname, poti ana anga amadya ntchito yomweyo. Koma mkwiyo unaposa mantha. Ndinawayankha kuti, "Sindinapemphe, anandipatsa. Ndikavomera zimenezo ndiye kuti ndawanamizira agogo." Ndinavula baji n'kuisiya patebulo pawo.

Lero ndimanyamula makatoni m'tauni ya Landover, msana ukuwawa. Ena kutchalitchi amati ndinaonjeza, ndikanangopepesa zithe. Alankhule, si iwo amene anatchedwa akuba.

Abale anga osamalira okalamba kuno, nkhalamba ikakupatsani kanthu musachite manyazi a kumudzi. Itanani ana ake, mwiniwake anene yekha pamaso pawo adakali moyo. Zikakanika, kanani mphatsoyo poyera n'kumuuza chifukwa chake.

Chimene chimandidya mtima ine ndi chimodzi chokha. Agogo ankadzuka m'mawa uliwonse n'kuchiona chithunzicho chikadali pakhoma, ndipo sindinawafotokozerepo za mwambo wathu. Mwina anapita akuganiza kuti ndinanyoza mphatso yawo. Kwa iwo ndikanagwada n'kupepesa. Kwa enawo, ayi.