Nthenga Yakuda Idatsala Panjira ya ku Domwe

Ndidanyamuka ku Fonte Boa belu la Misa yoyamba likulira. Ine Lusiyano, amene ndikaponda pansi povina ngoma Angoni onse amatembenuka, ndinkapita ku Domwe kukavina pa chiliza cha mnzanga, malemu a Nzunga. M'thumba mudali zibiya zanga zachikopa, mangenjeza a m'miyendo ndi nyoni, chisoti chathu cha nthenga. Mngoni wofika pamanda wopanda nyoni ndi wongodutsa, wakufa samuzindikira. Pakati pa nyoni yangayo padali nthenga yaitali yakuda imene a Nzunga adandibwereka tili kothawa nkhondo ku Dedza.

Ku Ulongwe ndidamwa tiyi ndi pau, buledi wakwathu, n'kukwera kalole kopanda denga, metikashi zana. Kobradoro, wotolera ndalama m'galimotomo, adafuna kupsinja thumba langa ndi matumba a chimanga.

"Iwe, mmenemo muli mutu wa munthu!" ndidatero.

"Ndiye uvaleni, madala."

Ndidauvaladi. Mayi wina wogulitsa kachewere adaseka: "Agogo, tambala ameneyu alira nthawi yanji?" Ndidamuuza kuti izi si zokongoletsera ayi, nthenga iliyonse apa ili ndi munthu amene adandipatsa.

Dzuwa litakwera, tili pachitunda, mphepo idazula nthenga yakuda ija. Ndidakuwa kamodzi kokha. Mawu angawa amabweza ng'ombe kutsidya la dambo, nanji galimoto! Onse adatsika, ndi mayi woseka uja yemwe, kusakasaka m'mizere ya kachewere. Sitidaipeze. Tidakweranso, ulendo n'kupitirira.

Ku Domwe ndidapeza anthu atazungulira chiliza. A Nangozo, akazi a malemu, maso adafa kale, koma atamva mangenjeza adati, "Alamu, sendererani ndione ngati mwavala mokwanira." Adapapasa nyoni, chala n'kugwera pampata.

"Yakuda ija ili kuti?"

"Mphepo, alamu. Ndingavine bwanji ndi chisoti chagweru?"

Adaseka mpaka misozi. "Mphepo yanji? Mnzanuyo mwamuiwala? Khasu lake likagona kwa wobwereka, ankalilondola yekha mbandakucha. Wakuchingamirani panjira, watenga yake. Vinani!"

Ndidavina, fumbi mpaka lidaphimba chiliza. Pobwerera wina adandipatsa nthenga yoti nditsekepo, ndidakana. Pa nyoni, ngakhale pampata pamakhala munthu.